Mabuku Akale a Malonda, ndi Zimene Adatengera m'Nyumba za Alimi

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za mapepala akale otsatsa malonda, makamaka a ku America, kumene mwambo umenewu udakula koposa maiko ena onse. Masiku ano kuli anthu amene amasonkhanitsa mapepala otere nawasunga monga chuma, ndipo m'chaka cha 1968 osindikiza ena adasindikizanso buku lathunthu la malonda la chaka cha 1897, kuti adzukulu aone zimene makolo ao adali kugula. Ambiri amatsegula mabuku amenewa pofuna kuseka zipewa za nthenga ndi ndebvu za amuna a masiku aja. Koma ife tiyesa kuti muli zina zoposa zoseketsa, pakuti mapepala amenewa adalowa m'nyumba za anthu olima ndi oweta, anthu okhala kutali ndi mizinda monga ife, ndipo adawatengera thandizo lalikuru ndi tsoka lalikuru pa tsamba limodzimodzi.

Tiyambe taona m'mene mlimi wa ku America adali kukhalira cha m'ma 1870. Nthawi imeneyo anthu ochuruka a dziko lija adali a ku minda. A m'mizinda adayamba kuwaposa pa kalembera wa chaka cha 1920. Alimiwo sadali kumanga pamodzi monga tichitira ife pa mudzi, iai. Banja liri lonse lidali pa munda wache lokha, mnansi ali kutali, ndipo sitoro imene akadafikako pa ngolo idali imodzi, kapena ziwiri basi. M'sitoromo kawiri-kawiri simudali mtengo wolembedwa pa katundu. Mwini sitoro ankayang'ana munthu nkhope ndi zobvala, ndi kutchula mtengo umene wafuna. Popeza mlimi aona ndalama kamodzi pa chaka, ankatenga mchere, palafini, misomali ndi nsaru pa ngongole, kuti adzalipire atakolola. Ndipo zokolola zikachepa, ngongole ija inkagona kudikira chaka china, itabala ana. Sitinena kuti eni masitoro onse adali akuba. Iwonso katundu adali kuwafikira atadutsa m'manja ambiri, ndipo dzanja liri lonse lidatapako phindu lache. Koma wosenza mtolo wonsewo potsiriza adali mlimi.

Munthu wina, dzina lache Aaron Montgomery Ward, adayenda zaka zingapo m'madera a alimi akugulitsa katundu wa eni ache, namva madandaulo amenewa. Iye adaganiza kuti akagula katundu wambiri kwa omupanga, ndi kumtumiza pa njanji molunjika kwa mlimi, manja onse a pakati aja adzachoka. Katundu wache woyamba adapsya pa moto waukuru umene udatentha mzinda wa Chicago m'chaka cha 1871, koma sadaleke. M'chaka cha 1872 adasindikiza pepala limodzi lokha, lokhala ndi maina a zinthu 163 ndi mitengo yache, nalitumiza kwa alimi a chigwirizano chotchedwa Grange. M'chaka cha 1875 adaonjezapo lonjezo limene lidali lachilendo ndithu masiku amenewo, lakuti munthu akapanda kukondwa ndi chimene walandira, achibweze, ndipo ndalama zache zidzabwezedwa.

Wachiwiri ndiye amene dzina lache lidamveka koposa. Richard Sears adali kalaliki wa pa stesheni ya njanji ku North Redwood, m'chigawo cha Minnesota. M'chaka cha 1886 padafika bokosi la mawochi limene wamalonda wa pamenepo adalikana, nati sadaliitanitse. Sears adawatenga mawochiwo, nawagulitsa kwa akalaliki anzache a m'mastesheni ena, napeza phindu lomkwanira kusiya nchito. Chaka chotsatira adapita ku Chicago, nalemba nchito mmisiri wokonza mawochi dzina lache Alvah Roebuck. Ndipo pofika chaka cha 1893 maina a anthu awiriwa adakhala dzina la kampani, Sears, Roebuck and Company. Buku lao la malonda, limene azungu amati katalogi, lidali ndi masamba 322 m'chaka cha 1894, ndipo chaka chotsatira lidapitirira masamba 500.

Kodi mudali zotani m'buku lotere? Kufunsa kwabwino n'kwakuti, mudalibe chiani? Mudali singano, ulusi, mabatani ndi makina osokera. Mudali miphika yachitsulo, mbaula zophikira, nyali ndi zidebe. Mudali mapulawo, nkhwangwa, zishalo za akavalo ndi ngolo zathunthu. Mudali nsapato za khanda ndi suti ya mkwati, magitala, malimba oyimbira m'nyumba, njinga, mfuti, mabuku, mphete za ukwati, ndipo ngakhale miyala yoika pa manda. Kuyambira m'chaka cha 1909 mudalinso kagalimoto ka madola 395. Pa chinthu chiri chonse padali chithunzi chojambula ndi manja mosamala, nambala yache, kulemera kwache, ndi mtengo wache wosindikizidwa poyera, umene suyang'ana nkhope ya munthu. Alimi ena adalikonda bukuli kotero kuti adalitcha Baibulo la mlimi, dzina limene ife sitikondwa nalo, koma lisonyeza malo amene bukuli lidapatsidwa pa tebulo la m'nyumba.

Nzeru yaikuru ya Sears idali yodziwa mantha a munthu wa ku munda. Mlimi aopa kutumiza ndalama zache kwa munthu amene sadamuone, ndipo aopanso kusekedwa chifukwa cha kulemba kwache kokhota. Tsono bukulo lidamlimbitsa mtima pa zonse ziwiri. Pa katundu wambiri lidamlola kuitanitsa atalipira pang'ono, kapena osalipira konse, kuti akaone katunduyo pa stesheni, ndi kulipira pokha-pokha atakhutira. Ndipo lidamuuza kuti asabvutike ndi kalembedwe: alembe pa pepala liri lonse, m'mau ache, ndiponso m'chinenero chache, popeza alimi ambiri adali alendo ochokera ku Germany, ku Sweden ndi maiko ena a ku Ulaya, ndipo kampani idalemba akalaliki omasulira makalata ao. Boma nalo lidathandiza. M'chaka cha 1896 lidayamba kutumiza amtengatenga a positi kufika pa makomo a alimi, m'malo moti mlimi ayende mitunda kukafunsa kalata; ndipo pa 1 January 1913 positi idayamba kunyamula mitokoma yolemera, pamene kale inkakana uli wonse wopitirira mapaundi 4 pa sikelo.

Eni masitoro a ku midzi sadakondwe, monga mungathe kuganiza. M'malo ena ankalonjeza ana timakobiri pa katalogi ili yonse imene angabwere nayo, ndi kuziotcha poyera pa bwalo. Ndipo m'zigawo za kumwera adafalitsa mphekesera yakuti Sears ndi Ward ndi anthu akuda, poyesa kuti azungu akamva chotero adzaleka kugula kwa iwo. Bodza limeneli litifikitsa pa mbali ya nkhaniyi imene itikhudza mtima koposa.

Ukapolo udatha ku America m'chaka cha 1865, koma anthu akuda ambiri a kumwera adatsala opanda malo ao-ao. Adali kulima minda ya eni ache, ndi kugawana nao thonje pokolola. Ndipo chakudya ndi zobvala za chaka chonse ankazitenga pa ngongole ku sitoro, imene nthawi zambiri idali ya mwini munda yemweyo, kapena ya bwenzi lache. Buku la ngongole lidali m'manja mwa mwini sitoro, ndipo wofuna kuliwerenga ankaoneka wachipongwe. Munthu wakuda polowa m'sitoro ankaimirira pambali kufikira azungu onse atathandizidwa, ngakhale amene adafika pambuyo pache. Ankapatsidwa nsaru yotsala, ndipo akaloza malaya abwino ankauzidwa kuti si a anthu onga iye. Taganizani tsono, inu abambo ndi amai, chimene buku lija lidali kwa banja lotere. Kalata ilibe khungu. Kalaliki wa ku Chicago potsegula envulopu sadadziwe ngati wolembayo ndi mzungu kapena wakuda; adaona nambala ya katundu ndi ndalama, natumiza nsapato zomwezo, pa mtengo womwewo umene adalipira mwini munda. Eni kampani sadayambe malonda ao pofuna kuchita chilungamo, iai, adafuna ndalama. Koma mtengo wosindikizidwa udachita chilungamo chimene malamulo a masiku aja adachikana. Chifukwa chache eni masitoro ena, amene adalinso osunga positi ya pa mudzi, ankabvuta pogulitsa masitampa kwa anthu akuda ofuna kuitanitsa katundu, ndipo bukulo lidalangiza owerenga kuti angathe kupereka ndalama ndi kalata m'manja mwa mtengatenga wa positi, iye n'kuwakonzera zonse.

Ndipo tisaiwale munthu wachitatu, Julius Rosenwald, mwana wa Ayuda ochokera ku Germany, amene adalowa m'kampani ya Sears m'chaka cha 1895 nakhala mkuru wache m'chaka cha 1908. Iyeyu adapangana ndi mphunzitsi wakuda wotchuka, Booker T. Washington, ndipo pofika chaka cha 1932 ndalama zache, pamodzi ndi zopereka za anthu a m'midzimo, zidamanga sukulu za ana akuda pafupi-fupi 5,000 m'zigawo za kumwera.

M'nyumba bukulo silidali la malonda okha. Aphunzitsi a sukulu zosowa mabuku ankaphunzitsira ana kuwerenga ndi masamu pa mitengo ya m'katalogi. Alendo ankaphunziramo Chingerezi, poona chithunzi ndi dzina lache pansi. Likafika latsopano, ana akazi ankadula zithunzi za m'lakale kupanga zidole, ndipo masamba otsala ankathera ku chimbudzi. Mwambo wogula chotere udafikanso m'maiko a mu Africa amene adali pansi pa Angerezi, kumene akalaliki ndi aphunzitsi ankaitanitsa masuti ndi nsapato ku masitoro a ku England, monga la Oxendale ku Manchester, atasankha m'mabuku a zithunzi.

Kufikira pano takamba zokoma. Koma akuru adati chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tsopano titsegule masamba a mankhwala.

M'buku la Sears la chaka cha 1897 munthu akadatha kuitanitsa laudanum, ndiwo madzi a opium osungunula m'mowa waukali, monga aitanitsira sopo, popanda kalata ya dotolo. M'buku la chaka cha 1902 mudali timapiritsi ta arsenic, chiphe chimene anthu aphera makoswe, ndipo ankatitsatsa kwa akazi kuti tiyeretsa khungu la kumaso. Mudalinso lamba wa magetsi wotchedwa Heidelberg, amene mwamuna ankamanga m'chuuno, ndipo mau a pansi pa chithunzi adalonjeza kuti achiza kufooka, msana, impsyo ndi matenda ena osawerengeka. Lambayo sadachize kanthu, koma amene adamgula adangotaya ndalama. Za mankhwala a makanda ndizo zidatayitsa miyoyo.

M'chaka cha 1849, ku Bangor m'chigawo cha Maine, amalonda awiri, Curtis ndi Perkins, adayamba kugulitsa madzi otsekemera otchedwa Mrs. Winslow's Soothing Syrup. Adawatsatsa m'nyuzipepala, m'magazini a mabanja, pa makalendala ndi pa timakadi ta zithunzi zokongola, m'America ndi m'England momwe. Pa zithunzipo padali mai wa nkhope yofatsa, wobvala bwino, ali pa kama ndi tiana tache tonenepa, botolo liri m'manja. Mau ache adali olankhula ndi amai otopa: ngati mwana alira usiku chifukwa cha kumera mano, mpatseni madzi awa, adzagona, ndipo inunso mudzapumula. Ndipo zoona, mwana ankagona. Chimene pepala silidanene ndi chakuti m'botolomo mudali morphine, mankhwala amphamvu ochokera ku opium, pamodzi ndi mowa. Morphine agonetsa, koma achepetsanso kupuma, ndipo kathupi ka khanda sikapirira muyeso umene munthu wamkuru angapirire. Mwana akazolowera, tsiku lopanda madziwo ankalira koposa kale, mai n'kuonjeza supuni. Ana ambiri adagona osadzukanso, ndipo makolo adayesa kuti wawatenga ndi matenda a mano.

Tikuchondererani kuti musaweruze amai amenewo. Sadali opusa kapena osasamala. Adali akazi ogwira nchito kuyambira mbanda-kucha, kutali ndi chipatala, ndipo adakhulupirira chinthu chifukwa chidali chosindikizidwa, chifukwa chidatchedwa ndi dzina la mai mnzao, ndiponso chifukwa adachiona m'nyuzi imene adazolowera kuilemekeza. Chikhulupiriro chomwe chija chimene chidapulumutsa mlimi kwa mwini sitoro wonyenga ndicho chidatsegulira botolo ili pa khomo. Mlandu uli pa amene adadziwa za m'botolo natonthola, ndi pa eni nyuzi amene adalandira ndalama osafunsa.

Koma adalipo ena amene adafunsa. Edward Bok, mkonzi wa magazini ya amai yotchedwa Ladies' Home Journal, adakana m'chaka cha 1892 kusindikizanso zotsatsa za mankhwala obisa za m'kati mwache, ngakhale zidali kubweretsa ndalama zambiri. M'chaka cha 1905 mlembi Samuel Hopkins Adams adalemba nkhani zotsatana m'magazini ya Collier's, naulula kuti mankhwala ambiri otchuka adali mowa, opium ndi ziphe zina zobvekedwa maina okoma. Anthu adakwiya, ndipo pa 30 June 1906 President Theodore Roosevelt adasaina lamulo la zakudya ndi mankhwala. Lamulolo silidaletse kugulitsa. Lidangolamula kuti ngati m'botolo muli mowa, morphine, opium, cocaine kapena zina zotere, zilembedwe pa pepala la kunja. Kalamulo kooneka kochepa, koma kadagwetsa malonda ambiri, pakuti mai wodziwa kuwerenga tsopano adatha kuona chimene akumwetsa mwana. M'chaka cha 1911 bungwe la madotolo a ku America lidaika madzi a Mrs. Winslow m'gulu la mankhwala amene lidawatcha opha makanda. Ku Sears nako zinthu zidasintha Richard Sears atachoka, iye amene ankalemba yekha mau otsatsa ndi kuthira mchere wambiri. Rosenwald adatsegula nyumba yoyeseramo katundu m'chaka cha 1911, kuti mau a m'buku alingane ndi chinthu chenicheni, ndipo m'chaka cha 1913 adachotsa m'katalogi mankhwala obisika aja.

Musayese kuti otsatsa adasowa njira zina. Ataletsedwa kubisa chiphe, adaphunzira kugwira munthu pa manyazi. M'zaka za m'ma 1920 opanga madzi otsukira m'kamwa a Listerine adadzaza magazini ndi zithunzi za namwali wolira, amene anzache onse akwatiwa iye yekha atatsala, chifukwa cha fungo la m'kamwa limene palibe adalimba mtima kumuuza. Opanga sopo wa Lifebuoy, amene tonse timdziwa m'masitoro athu, adachita chimodzimodzi ndi fungo la thukuta. Apa katundu sadali woipa, ndipo kusamba ndi kwabwino. Chimene tidandaula ndi chakuti adayamba adwalitsa munthu mtima, kuti pambuyo amgulitse mankhwala. Ndipo ena adapitirira. Kale m'zaka za m'ma 1880 kampani ya Pears ya ku London idasindikiza chithunzi cha kamwana kachizungu kakusambitsa kamwana kakuda, ndipo potuluka m'bafa thupi la wakudayo layera, mutu wokha watsala. Amene adajambula adayesa nthabwala. Ife tikachiona lero tiona mmisiri wogulitsa sopo ndi bodza lakuti khungu limene Mulungu adatipatsa ndi litsiro.

Za fodya tinene mwachidule. M'chaka cha 1946 opanga ndudu za Camel adayamba kusindikiza zithunzi za dotolo wa malaya oyera, ndudu iri pa chala, nanena kuti adafunsa madotolo 113,597, ndipo ochuruka adatchula ndudu zao. Patangopita zaka zinai, m'chaka cha 1950, Richard Doll ndi Bradford Hill ku England adasonyeza kuti kusuta kuyenderana ndi khansa ya m'mapapo. Magazini ya bungwe la madotolo a ku America idaleka kulandira zotsatsa za fodya m'chaka cha 1953, ndipo m'chaka cha 1964 boma la dziko lija lidabvomereza poyera kuti ndudu zidwalitsa khansa.

Mabuku akuru-akuru aja adatha pang'ono-pang'ono, alimi atagula magalimoto ndi kuyamba kupita okha ku masitoro a m'mizinda. Montgomery Ward adaleka katalogi yache m'chaka cha 1985, ndipo Sears adaleka yache yaikuru m'chaka cha 1993. Lero adzukulu a alimi aja aitanitsa katundu pa intaneti, atayang'ana chithunzi ndi mtengo monga ankachitira agogo ao. Koma chiripo chinthu chimodzi cha m'mabukuwo chimene chikali kuoneka ndi maso. Kuyambira m'chaka cha 1908 kufikira 1940 Sears adali kugulitsa nyumba zathunthu. Munthu ankasankha chithunzi cha nyumba, ndipo sitima inkamtulira pa stesheni matabwa, zitseko, mazenera, misomali ndi utoto, pamodzi ndi kabuku kolangiza mamangidwe; pa zaka za pambuyo matabwawo ankafika odula-dula kale, liri lonse ndi nambala yache, ndipo abale ndi anansi ankasonkhana kudzathandiza kuimika. Nyumba zotere zidagulidwa pafupi-fupi 70,000. Ku Carlinville, m'chigawo cha Illinois, kampani ya Standard Oil idaitanitsa zoposa 150 m'chaka cha 1918, zoti mukhale anchito a m'migodi ya malasha. Migodi ija idatsekedwa patangopita zaka zochepa, koma nyumba zambiri zikali chiimire m'misewu yomweyo, ndipo mukukhala mabanja.